Pulogalamu Yolembedwa Bwino, Nanga Ikukaniranji Kuyenda?

Ku yunivesite ya California ku Santa Barbara kuli gulu la akatswiri lotchedwa Climate Hazards Center, limene limasunga kawerengedwe ka mvula ya tsiku ndi tsiku kuyambira m'chaka cha 1981. Amaphatikiza zimene masetilaiti aona ndi zimene zalembedwa m'masiteshoni oyezera mvula, ndipo zotsatira zake amazitcha CHIRPS. Mu mtundu wachiwiri wa CHIRPS, dziko lapansi kuchokera pa madigiri 50 kumpoto kukafika pa madigiri 50 kummwera analidula m'timabokosi ta makilomita asanu ndi kachidutswa mbali iliyonse. Timabokosito tilipo 7,200 m'litali ndi 2,000 m'lifupi, ndiye kuti manambala 14,400,000 pa tsiku limodzi lokha. Malawi yense, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, amakwana m'kachigawo ka timabokosi pafupifupi 10,000, ndipo mvula imene inabwera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ili momwemo. Mafayilowa aliyense angawatenge pa intaneti popanda kulipira. Koma kutenga n'kwina, kuwerenga n'kwina. Ambiri mwa mafayilo a nyengo ali m'kalembedwe kotchedwa netCDF, kamene sikatseguka ngati kalata wamba, kamafuna pulogalamu. Ndiye wophunzira amakhala pansi n'kulemba pulogalamu yotere m'chinenero cha C, mizere makumi atatu yopanda cholakwa ngakhale chimodzi, koma kompyuta n'kumuyankha kuti undefined reference to nc_open, osamupatsa chilichonse.

Ambiri amene akumana ndi uthengawu amauona ngati chipongwe cha makina, chotsalira cha zaka zakale chimene akatswiri achita nacho ulesi kuchichotsa. Ine sindikuona choncho. Pamene uthengawu watulukira ndi pamene pulogalamu imaulula kuti ikudalira ntchito ya anthu ena, n'kufunsidwa kuti inene mosabisa kuti ntchitoyo ndi iti ndipo ili pati. Sayansi ya nyengo imadalirika, mwa zina, chifukwa anthu masauzande amawerengera manambala awo pa zida zofanana m'malo moti aliyense asule chake. Kuvutika polumikiza pulogalamu ndi zida zimenezo ndiwo mtengo wa kugawanako, ndipo amene akudziwa zochitika pa sitepe imeneyi amalipira wochepa kwambiri.

Tiyambe ndi zimene zimachitika munthu akamaliza kulemba. Chinenero cha C anachikonza ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs, m'chigawo cha New Jersey ku America, cha m'ma 1972. Zimene munthu amalemba m'chinenerochi ndi mawu oti munthu mnzake angawerenge, pamene purosesa ya kompyuta imamva malamulo a manambala okhaokha. Pamafunika womasulira, ndipo womasulirayo ndi pulogalamu yotchedwa compiler. Yotchuka kwambiri pa makompyuta a Linux ndi GCC, imene Richard Stallman anaitulutsa koyamba mu 1987. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti compiler imamasulira fayilo imodziimodzi, ndipo sidziwa kanthu za kunja kwa fayiloyo. Ikafika pa mzere umene wolemba akuitana kapulogalamu kotchedwa nc_open, kamene ntchito yake ndi kutsegula fayilo ya netCDF, compiler ilibe kapulogalamuko m'manja. Imangofuna kudziwa maonekedwe ake: kamalandira zinthu zingati, zamtundu wanji, ndipo kamabweza chiyani. Zimenezi imazipeza m'fayilo yaing'ono yotchedwa netcdf.h, imene wolemba amaitchula pamwamba pa pulogalamu yake. Ikakhutira kuti kaitanidwe kali bwino, imamasulira zonse n'kusiya mpata pamalo pa nc_open, italembapo dzina. Kutseka mipata imeneyo ndi ntchito ya pulogalamu ina, linker, imene imakafunafuna mayinawo m'laibulale, kutanthauza fayilo yaikulu yodzaza ndi timapulogalamu tomasuliridwa kale.

Zikufanana ndi mmisiri womanga nyumba amene kalipentala wamupatsa pepala la miyeso ya mafelemu. Mmisiriyo amamanga khoma lonse n'kusiya mipata ya zitseko ndi mawindo molingana ndi pepalalo, mafelemu enieniwo asanawaone n'komwe. Pepala la miyeso ndilo netcdf.h, mafelemu ndiwo laibulale, ndipo tsiku loika mafelemu m'khoma ndilo la linker. Munthu angathe kukhala ndi pepala wopanda mafelemu, kapena mafelemu wopanda pepala, kapenanso pepala la chaka chatha ndi mafelemu a chaka chino. Mavuto onse amene tikambe m'munsimu akuchokera pa zitatu zimenezi.

Tiyang'ane lamulo lenileni limene munthu amalemba. Tinene kuti pulogalamu yake waitcha mvula.c, ndipo netCDF anaiika pamalo otchedwa /usr/local. Adzalemba kuti gcc mvula.c -o mvula -I/usr/local/include -L/usr/local/lib -lnetcdf. Poyamba zimaoneka ngati zilembo zongomwazika, koma chilichonse chili ndi amene chikumuuza. Chilembo cha I chachikulu chikuuza compiler kumene ikapeze netcdf.h. Chilembo cha L chachikulu chikuuza linker foda imene ikafunemo. Chilembo cha l chaching'ono chikutchula laibulale yeniyeniyo, ndipo linker imawonjezera yokha lib kutsogolo kwa dzinalo, n'kukafuna fayilo yotchedwa libnetcdf.so kapena libnetcdf.a. Mukaiwala choyamba pamene netcdf.h ili pamalo osazolowereka, compiler imaima n'kunena kuti netcdf.h: No such file or directory. Pa Ubuntu ndi Debian uthengawu kawirikawiri umatanthauza kuti munthu sanaike phukusi la libnetcdf-dev, limene limabweretsa padera mafayilo ngati netcdf.h, otchedwa header. Mukaiwala chomaliza, compiler imadutsa bwinobwino, koma linker imapeza mpata wopanda choikamo, ndiye undefined reference uja. Palinso vuto lachitatu, lopweteka kuposa awiriwa chifukwa limabwera munthu atayamba kale kusangalala. Pulogalamu yamangidwa, fayilo yotchedwa mvula ilipo, koma poiyendetsa kompyuta ikuti cannot open shared object file. Apa ndiye kuti laibulale ya mtundu wa .so siinakoperedwe m'kati mwa pulogalamu. Linker inangolemba dzina lake, kuti ikatengedwe nthawi iliyonse pulogalamu ikamayamba, ndipo amene amakaitenga pa nthawiyo ali ndi mndandanda wakewake wa malo ofunamo, umene sudziwa za L wamkulu uja. Mauthenga atatu, masitepe atatu osiyana. Amene akudziwa kuti uthenga uti ukuchokera pa sitepe iti amakonza vutolo tiyi asanazizire, pamene wosadziwa amatha sabata akusintha pulogalamu imene inalibe vuto.

Nkhaniyi siithera pa laibulale imodzi. netCDF inayambira ku Unidata, nthambi ya bungwe la UCAR mumzinda wa Boulder ku Colorado, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo amene anaiyamba ndi Russ Rew ndi Glenn Davis, potengera nzeru za kalembedwe kena ka NASA kotchedwa CDF. Mu 2008 kunatuluka netCDF-4, imene m'malo mosunga yokha manambala inayamba kugwiritsa ntchito laibulale ina, HDF5, yochokera ku NCSA ya yunivesite ya Illinois. HDF5 nayo ikafuna kufinya manambala kuti fayilo ichepe imaitana zlib, imene Jean-loup Gailly ndi Mark Adler anaitulutsa mu 1995. Kuti pulogalamu iwerenge fayilo imene ili pa seva ya kutali, netCDF imadalira libcurl ya Daniel Stenberg wa ku Sweden. Choncho mizere makumi atatu ija yatsamira pa ntchito ya magulu anayi amene sanakhalepo mu ofesi imodzi. Mukamalumikiza ndi malaibulale a mtundu wa .a, onsewa muyenera kuwatchula, ndiponso mwa dongosolo: -lnetcdf -lhdf5_hl -lhdf5 -lcurl -lz. Linker imawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo m'laibulale iliyonse imangotengamo zimene ikudziwa kale kuti zikusoweka. Mukaika zlib patsogolo, imaidutsa osatengamo kanthu, poti palibe amene waipempha, kenako ikafika pa HDF5 n'kuyamba kudandaula kuti zofinyira kulibe. Wofuna ayambe, wopereka atsatire. Anthu a ku Unidata anaona kuti palibe amene angaloweze zonsezi, ndiye anapereka kachida kotchedwa nc-config. Mukalemba nc-config --cflags --libs, kamakupatsani mzere woyenera kompyuta imene mulipoyo. Ndi nkhani ya chisoni kuti kachida kameneka ambiri amakamva atavutika kale.

Vutoli silinabwere ndi C. Pa kompyuta ya EDSAC ku Cambridge, imene inayamba kugwira ntchito mu 1949 motsogozedwa ndi Maurice Wilkes, timapulogalamu togwiritsidwa ntchito kawirikawiri tinkasungidwa pa matepi a pepala obooledwa, ndipo wofuna kamodzi ankakakopera pa tepi ya pulogalamu yake. David Wheeler ndiye anakonza njira yoti kapulogalamu kotere kagwire ntchito pamalo aliwonse pamene kaikidwa m'makinamo, n'kubwerera kumene kanaitanidwa. Mu 1952 Grace Hopper analemba A-0 ya kompyuta ya UNIVAC, imene ntchito yake yaikulu inali kusonkhanitsa timapulogalamu totere m'malo mwa munthu. Kulumikiza kunayamba tsiku limene wolemba pulogalamu woyamba anaganiza zobwereka ntchito ya mnzake.

Wina anganene kuti ngati kubwereka kuli ndi chintchito chotere, bwanji osangolemba wekha kapulogalamu kowerengera fayiloyo, poti fayilo ndi manambala basi. Funsoli ndi lanzeru, ndipo yankho lake lili m'kati mwa fayilomo. Nambala imodzi ya mvula imatenga mabaiti anayi, ndipo makompyuta sagwirizana kuti mwa anayiwo loyamba kulembedwa ndi liti. Kalembedwe koyamba ka netCDF kamayamba ndi baiti yaikulu, pamene mapurosesa a Intel ndi AMD amene ali m'malaputopu ambiri amayamba ndi yaing'ono. Nambala yathunthu 1 mukaiwerenga chobwerera imasanduka 16,777,216. Laibulale imatembenuza zimenezi mwakachetechete, wolemba osadziwa n'komwe kuti panali nkhani. Ndiye pali kukula kwa fayilo. Chaka chimodzi cha CHIRPS chili ndi manambala oposa 5 biliyoni, amene osafinyidwa angadzaze ma GB 21, kuposa memory ya malaputopu ambiri. Wofuna mvula ya Malawi yekha safunika kunyamula zonsezo. Amaitana kapulogalamu kotchedwa nc_get_vara_float, n'kukauza poyambira ndi kuchuluka kwa timabokosi, ndipo laibulale imapita pa zidutswa zokhazo zimene zikufunika, kuzifutukula, n'kumupatsa. Kulemba wekha zimenezi kungatheke, koma ndi ntchito ya miyezi, ndipo pomaliza umakhala ndi chida chimene wachiyesa ndi iwe wekha.

Mfundo yomalizayi ndiyo yolemera kuposa zonse. Cholakwa cha m'pulogalamu ya sayansi sichilira. Pulogalamu ya banki ikalakwitsa, mwini ndalama amakadandaula tsiku lomwelo. Pulogalamu yowerenga mvula ikasemphanitsa mizere n'kupereka manambala a ku Zambia ngati a ku Kasungu, mapu amatuluka okongola ndithu, ndipo angalowe mu lipoti popanda wofunsa. Laibulale imene yagwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa makumi atatu, ndi anthu a m'maiko ambiri, pa makina a mitundu yonse, yapunthwa kale pa miyala yambiri yotere ndipo miyalayo inachotsedwa. Zotsatira za mamodelo a nyengo za mu ntchito ya CMIP, zimene malipoti a bungwe la IPCC amadalira, zimagawidwa mu netCDF, potsata malamulo ogwirizana otchedwa CF onena za mayina ndi miyeso. Fayilo iliyonse imanena yokha zimene ili nazo: kuti nambala iyi ndi mvula, muyeso wake ndi mamilimita pa tsiku, ndipo pamene palibe chowerengedwa, monga pa nyanja yamchere, CHIRPS imaikapo -9999. Wowerenga mosamala amafunsa laibulale za nambala imeneyi asanayambe kuphatikiza, apo ayi avereji yake idzatuluka yosonyeza mvula yochepera pa ziro. Ndipo fayilo yolembedwa m'zaka za m'ma 1990 imatsegukabe ndi laibulale ya lero, chifukwa osamalira netCDF anaika mtima pa kusataya kalembedwe kakale. Kachida kolemba munthu mmodzi kamatha mwini wake akasintha ntchito.

Chotsutsa chachiwiri chimamveka kwambiri masiku ano: za C n'zachikale, anthu akugwiritsa ntchito Python ndi R, kumene fayilo imatseguka ndi mzere umodzi popanda za linker. Pali choona chambiri apa, ndipo wofufuza amene akungofuna kujambula mapu a mvula ya mwezi umodzi sayenera kudzizunza ndi C. Koma tiyang'ane pansi pa mzere umodziwo. Phukusi la Python lotchedwa netCDF4 limaitana laibulale ya C yomweyo ya ku Unidata. Phukusi la R lotchedwa ncdf4 limachita chimodzimodzi. Ngakhale laibulale ya netCDF ya chinenero cha Fortran, imene mamodelo olosera nyengo monga WRF amaifuna asanamangidwe, yakhala pamwamba pa ya C. Zida zodulira ndi kuphatikizira mafayilo, monga CDO ya ku Max Planck Institute for Meteorology ku Hamburg ndi NCO, nazonso zimalumikizidwa ku laibulale yomweyo. Kulumikiza sikunachoke. Kunachitidwa ndi munthu wina, pa kompyuta ina, ndipo wogwiritsa ntchito Python akudya zophika kale. Zinthu zikamayenda, zili bwino. Tsiku limene phukusi lakana kulowa, kapena malaibulale awiri a HDF5 akumana m'kompyuta imodzi, uthenga umene umatuluka pa Python ndi womwe uja wa shared object, ndipo amene sanamvepo za sitepe imeneyi amagwira njakata. Komanso amene akufuna kuyendetsa modelo ya nyengo pa kompyuta yaikulu, monga Lengau ya ku Centre for High Performance Computing ku Cape Town, sangathawe kumanga pulogalamu. Pa makina otere pamakhala mitundu ingapo ya laibulale imodzi, yomangidwa ndi ma compiler osiyanasiyana, ndipo wofufuza amasankha yekha ndi lamulo la module load.

Chotsutsa chachitatu chimachokera kwa odziwa. Iwo amati vuto la pa nthawi yoyendetsa lingathe ngati malaibulale onse atakoperedwa m'kati mwa pulogalamu, kuti iziyenda paliponse osafuna kanthu kunja. Njirayi ilipo, ndiyo ya mafayilo a .a aja, ndipo ili ndi malo ake: pulogalamu yoti itumizidwe ku ofesi yopanda intaneti yodalirika ndi bwino ipite yathunthu. Koma ili ndi mtengo wake umene unaonekera poyera mu 2002, pamene m'zlib munapezeka cholakwa chimene chikanatha kupereka mpata kwa owononga makompyuta. Mapulogalamu amene ankagwiritsa ntchito zlib yogawana anachira pongosintha fayilo imodzi. Amene anali ndi zlib yawoyawo m'kati anayenera kufufuzidwa mmodzimmodzi n'kumangidwanso, ndipo ena eni ake anali ataiwala kuti muli zlib. Zilinso chimodzimodzi ndi cholakwa cha mawerengedwe: chikakonzedwa m'laibulale yogawana, mapulogalamu onse amapindula nthawi imodzi. Njira zatsopano monga conda, Spack ya ku Lawrence Livermore National Laboratory, ndi makontena a Docker amene anabwera mu 2013, zathandiza kwambiri posonkhanitsa malaibulale ogwirizana pamalo amodzi. Koma kontena amaimanga ndi munthu, ndipo munthuyo amayankha mafunso omwewo a I, L ndi l. Kontena imalemeranso, nthawi zambiri ma MB mazanamazana, zimene si nkhani yaing'ono kwa munthu wogula bandulo ndi ndalama za m'thumba mwake.

Pali chinthu china chimene odandaula ndi mauthengawa sachiganizira, ndicho chakuti pulogalamu yokana kumangidwa yakuchitira chifundo. Choopsa chenicheni ndi imene yamangidwa ndi header ya mtundu wina n'kuyenda ndi laibulale ya mtundu wina. Chitsanzo chili pa HDF5. Pamene mtundu wa 1.10 unatuluka mu 2016, nambala imene laibulale imagwiritsa ntchito pozindikira fayilo yotsegulidwa inakula kuchoka pa mabiti 32 kufika pa 64. Pulogalamu yomasuliridwa ndi header yakale imakonzera nambalayo malo a mabaiti anayi, pamene laibulale yatsopano imabwera ndi asanu ndi atatu. Mayina a timapulogalamu ambiri sanasinthe, ndiye poyang'ana mayina okha zonse zimaoneka bwino. N'chifukwa chake olemba HDF5 anaikamo mlonda. Pulogalamu ikamayamba, laibulale imayerekeza mtundu wa header ndi mtundu wake, ndipo zikasiyana imalemba chenjezo la library version mismatched error n'kuimitsa zonse. Pali njira yomutsekera pakamwa mlondayo, pogwiritsa ntchito HDF5_DISABLE_VERSION_CHECK, ndipo anthu otopa amaipeza msanga. Kutero n'kusankha kuti pulogalamu iyende ngakhale manambala ake atakhala okayikitsa. Kwa munthu amene zotsatira zake zikathandiza kulangiza alimi za nthawi yobzala, kapena kuyeza kukula kwa mlatho, pulogalamu yoima ndi yabwino kuposa yonama.

Sindikunena kuti zida zimenezi zilibe mlandu. Mauthenga ake analembedwa ndi akatswiri polembera akatswiri anzawo. Linker ikanatha kunena kuti dzina ili likuoneka ngati la laibulale imene simunaitchule, koma imangotchula dzinalo n'kukhala chete. Lamulo la kumanzere ndi kumanja linali ndi nzeru pamene makompyuta anali ndi memory yochepa ndipo kuwerenga fayilo kawiri kunali kutaya nthawi, ndipo ma linker ena atsopano, monga lld ya gulu la LLVM, saumirira pa dongosololi. Katundu wa zovutazi sagwera anthu mofanana. Wophunzira wa pa yunivesite yokhala ndi katswiri wosamalira makompyuta amangogogoda pa chitseko, pamene mnzake amene ali yekha ndi laputopu amatha kutaya mtima n'kusiya kafukufuku amene akanatha kumuchita bwino. Koma zimenezi zikutiuza kuti mauthenga akonzedwe ndipo anthu aphunzitsidwe. Sizikutiuza kuti sitepeyo ndi yopanda pake. Malinga ngati pulogalamu ikubwereka, penapake payenera kulembedwa kuti ikubwereka chiyani, kwa yani, cha mtundu uti.

Ndipo kulembako kuli ndi phindu lina limene asayansi ayamba kuliona mochedwa. Zotsatira za kafukufuku zimakhala zodalirika ngati munthu wina angabwereze ntchitoyo n'kupeza zomwezo. Wofufuza akapereka fayilo ya mvula.c yokha, wapereka gawo laling'ono la zimene zinayenda pa kompyuta yake, chifukwa mizere yambirimbiri imene inagwira ntchitoyo inali m'malaibulale. Zida zolembera zimenezi zilipo kale ndipo n'zaulere. Lamulo la ldd mvula limaonetsa laibulale iliyonse imene pulogalamu idzatenge poyamba, ndi foda imene idzaitengemo, ndipo nthawi zambiri ndi pomwepo pamene munthu amadzidzimuka kuona kuti pulogalamu yake ikutenga HDF5 ina osati imene ankaganiza. Lamulo la nc-config --version limanena mtundu wa netCDF, pamene gcc --version limanena wa compiler. Chida cha make, chimene Stuart Feldman anachilemba ku Bell Labs mu 1976, chimalola kuti lamulo lonse lomangira lisungidwe m'fayilo yotchedwa Makefile pambali pa pulogalamu, m'malo mokhala m'mutu mwa munthu amene mawa angapite kukaphunzira kunja. Mizere isanu ya Makefile ndi mizere itatu yonena mitundu ya zida ndi yokwanira kuti wobwera pambuyo ayambire pamene mnzake analekezera.

Maphunziro ambiri a C amathera pa mapulogalamu a fayilo imodzi, omangidwa podina batani limodzi, ndipo wophunzira amalandira satifiketi asanalumikizepo laibulale imene sinabwere ndi compiler. Akadzapatsidwa fayilo yeniyeni ya nyengo, ya nthaka kapena ya setilaiti, ndi pamene amazindikira kuti panali sitepe imene sanauzidwe. Aphunzitsi a makompyuta, a sayansi ya nyengo ndi a zaulimi m'makoleji athu, patulani masana amodzi pa nkhani imeneyi. Apatseni ophunzira fayilo ya CHIRPS ndi pulogalamu yaifupi yowerenga mvula ya boma lakwawo, ndipo muwauze achotse dala I wamkulu, kenako l wamng'ono, kenako asunthe laibulale pamalo pake, kuti aone ndi maso awo mauthenga atatu aja ndi kumene uliwonse ukuchokera. GCC, netCDF ndi mafayilo a mvulawo zonse n'zaulere, ndipo laputopu wamba ikwanira.